Mowgli wa m'buku alibe kwao

Ambili a ife tinam'dziŵa Mowgli tisanadziŵe n'komwe kuti kuli buku. Ena tinayamba ndi katuni ya Disney ya 1967, ena ndi filimu ya Jon Favreau ya 2016 pa foni ya mnzathu, enanso ndi tumabuku twa zithunzi togulitsidwa pansi m'mbali mwa mseu m'tauni. Manje takula, ndipo ndife timaŵelengela ang'ono athu ndi ana a azicemwali athu. Tikamabwelekana tumabuku timeneti ndi kuika pambali pa The Jungle Book ya Rudyard Kipling ya 1894, tipeza kuti Mowgli wa uyu ndi wa uja ndi anthu osiyana.

Zina zimene anasintha n'zoseketsa cabe. Kaa, nsato imene mu katuni imafuna kumeza Mowgli, m'buku ndiye amam'pulumutsa anyani atamuba. Baloo, cimbalangondo coimba ndi kukonda tulo cija, kwa Kipling ndi mphunzitsi wa malamulo a m'nkhalango, wolimba mtima ngati ticha wa masamu, ndipo amam'menya ndithu akalakwitsa. King Louie m'buku mulibe. A Disney anacita kumuwonjezela, ndipo mtundu wake wa orangutan kwao ndi ku Borneo ndi Sumatra, kutali ndi nkhalango za Seoni ku India kumene nkhaniyi imacitikila.

Koma cimene cimatisoŵetsa mtendele ndi mathelo. Mu katuni ya 1967, Mowgli amamanga nthambi yoyaka ku mcila wa Shere Khan, kambuku uja n'kuthaŵa. Kenako amaona kamtsikana kakutunga madzi n'kukatsatila kumudzi, basi wafika kwao. Mu filimu ya 2016 amasankha kutsala m'nkhalango ndi anzake, nakonso ndi kwao. Kipling sanam'patse zimenezi. Mimbulu yambili ya m'gulu limene anakulilamo imam'kana pa msonkhano cifukwa ndi munthu, ndipo amacoka akulila. Kumudzi, mai wina dzina lake Messua amam'landila ngati mwana wake, iye n'kuyamba kuŵeta njati. Njati zomwezo ndi zimene amazithamangitsila m'cigwa kuti zipondeleze Shere Khan. Mphotho yake? Mlenje Buldeo amauza anthu kuti mwanayo ndi mfiti, ndipo amam'pitikitsa ndi miyala. Amabwelela ku nkhalango atanyamula cikumba ca kambuku, koma amasankha kusaka payekha pamodzi ndi abale ake anai a mimbulu. Uku am'kana, uko am'kana.

Ife obadwila ku Matero, Kanyama, Chawama kapena Mtendere, zimenezi sizacilendo. Tikapita kumudzi ku Katete kapena ku Petauke pa maholide, agogo amatilandila bwino, koma tikangotsegula pakamwa anzathu amaseka kuti Cinyanja cathu n'ca m'basi, si Ciceŵa kapena Cinsenga. Sitidziŵa kugwila khasu, sitidziŵa ndani tiyenela kum'gwadila. Tikabwelela m'tauni, pa intavyu ya nchito amamvetsela Cizungu cathu n'kudziŵa komboni imene tacokela. Mwana amene akukula pakati pa zimenezi amafuna nkhani imene imam'uza kuti zimacitika, ndipo munthu amapitilizabe kukhala ndi moyo. Tumabuku tumene timamaliza ndi nyimbo ndi kuvina timam'bisila mbali yomwe ikanam'thandiza.

Sitikunena kuti katuni n'njoipa. Mwana wa zaka zinai aonele Baloo akuvina, aseke, agone bwino. Komanso buku la Kipling lili ndi zake. Iye anabadwila ku Bombay mu 1865 ndipo anali wocilikiza ufumu wa Britain, ndiye cifukwa cake nkhani zake n'zodzala ndi malamulo ndi kumvela akulu, ndipo anthu a m'mudzi muja amaoneka ngati amantha okhulupilila zilizonse. Zimenezo nazo n'zofunika kukambilana ndi mwana akafika giledi 6 kapena 7.

Agogo athu pofotokoza nthano za Kalulu ndi Fisi sanali kucotsa njala, cinyengo kapena imfa poopa kuti tilila. Anali kusimba zonse, kenako n'kutifunsa kuti taphunzilapo ciani. Nafenso tingacite cimodzimodzi. Tikamaliza kabuku kakang'ono, timuuze mwana kuti palinso mathelo ena, tim'fotokozele za miyala ija ndi cikumba cija m'cinenelo cimene amalankhula panyumba, ndiyeno tim'funse kuti akanakhala Mowgli akanapita kuti. Mayankho ake adzatiuza zambili za mmene iye mwini akudzionela pano pa Lusaka.