Foni Yochokera ku Joni

M'kalasi mwathu ku madrasa muli mnyamata wina wa zaka 11 amene anali wakuthwa mutu kwambiri. Surah imene anzake ankalimbana nayo sabata yathunthu, iye ankailoweza m'masiku awiri. Koma itangotha Ramadhani tinayamba kuona zachilendo. Ankafika masana maso ali psuu, n'kumaodzera pamkeka Juzu Amma ili m'manja. Tikamufunsa zimene analoweza dzulo lake ankangoti kakasi, ndipo mnzake akangomukhudza pang'ono, ndewu. Ife tinayesa mwano, tinamukalipira pamaso pa anzake mpaka analira. Allah atikhululukire.

Loweruka lina tinapita kwawo kukadandaula. Agogo ake tinawapeza akuyanika usipa pathandala.

"A Mwalimu, mwanayu sakugona," anatero. "Bambo ake anatumiza foni kuchokera ku Joni kuti azilankhulana. Amaweruka mochedwa kushopu, ndiye amaimba cha m'ma 10 usiku. Akamaliza, foni imatsala ndi mwana mpaka tambala woyamba. Ine ndikadzidzimuka ndimaona kuwala m'bulangete ngati nyali za asodzi panyanja."

Tinasowa chonena. Tinabwera ndi maganizo oti foniyo ilandidwe, koma ndi foni yomweyo imene mwanayu amamverapo mawu a bambo ake amene sanawaone zaka zitatu. Makomo ambiri kuno ku Mangochi ali chimodzimodzi.

Madokotala amafotokoza kuti kunja kukada, thupi limatulutsa timadzi totchedwa melatonin timene timaitana tulo, ndipo kuwala kwa foni pafupi ndi maso kumachedwetsa timadziti. Komatu ife tikuona kuti chachikulu ndi zimene zili m'fonimo. Nthano za agogo zinkatha moto ukazima. Mavidiyo a TikTok ndi Facebook alibe mathero, ina ikatha ina yayamba kale, ndipo mwana sapeza pomwe angalekere. Mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12. Uyu ankagona anayi kapena asanu. Tikagona m'pamene zimene taphunzira masana zimakhazikika m'mutu, n'chifukwa chake ma surah aja ankangotayika ngati madzi a m'dengu. Kusowa tulo kumabweretsanso mtima wapachala ndi nkhawa. Mu 2019 bungwe la WHO linavomereza kuti kukomedwa ndi magemu a pafoni ndi pakompyuta mpaka kulephera kudziletsa ndi matenda ndithu.

Pobwerera kunyumba mtima unatitsutsa. Sabata yomweyo ife eni tinali titakhala pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku, kupitiriza mkangano wa kaonedwe ka mwezi wa Eid imene inali itapita kale. Tinadzuka dzuwa litatuluka, Subuhi itadutsa. Ife amene timaphunzitsa ana kuti Mtumiki Muhammad (S.A.W.) sankakonda macheza ikatha swala ya Isha! Mayi akunyumba sananene kanthu, anangotipatsa madzi a udhu.

Lachisanu lotsatira tinalankhula ndi bambo a mnyamata uja pafoni yomweyo. Poyamba sanakondwe, anati foniyo anaigula ndi thukuta lawo kuti mwana wawo asasiyane ndi anzake. Titawauza za kuodzera kuja anakhala chete kwa kanthawi, kenaka anati aziimba Lamulungu ikatha Maghrib, masiku enawo azingotumiza mawu oti mwana amvere m'mawa. Usiku foni izigona m'chikwama cha agogo.

Sabata yoyamba inali nkhondo. Agogo akuti mwanayo ankalira ndi kukana nsima, ndipo tsiku lina anaiba foniyo m'chikwama iwo ali mtulo. Tsopano patha miyezi iwiri. Sanabwerere pamene anali, ma surah ena tikubwereza kuyambira pachiyambi, koma pamkeka sakuodzeranso. Ife tagula kawotchi kabelu pamsika, ndipo ikatha Isha foni yathu imatsala pabalaza. Masiku ena timadzukabe usiku kukaisuzumira.