Ku George, Mlonda wa Nyumba Yako Ndi Mnansi Wako

Munthu wocokera ku Katete, ku Petauke kapena ku Lundazi akangotsika basi pa Intercity mu Lusaka, mau oyamba amene mbale wake wodzamcingamira amamuuza sakhala a mtengo wa ufa kapena a kumene kupezeka nchito. Amamuuza kuti afungatire cikwama cake, abise foni m'thumba la mkati, ndiponso kuti dzuwa likalowa asayende yekha m'tinjira ta m'komboni. Mlendoyo amadabwa, pakuti kwao khasu limagona pakhonde ndipo m'mawa amalipeza pomwepo. Zoona, kumudzi nako akuba ng'ombe ndi mbuzi aliko, koma kumeneko phazi lacilendo limadziwika msanga, ndipo dzuwa lisanafike pamutu nyakwawa amakhala atamva kale kuti m'mudzi mwalowa munthu. Mu Lusaka, mzinda umene kalembera wa 2022 anapezamo anthu oposa 2 miliyoni, phazi lacilendo silioneka.

Amodzi mwa malo amene alendo otere amafikirako ndi komboni ya George, kumpoto cakumadzulo kwa mzindawu. Minibasi imacoka m'tauni motsata Lumumba Road, kudutsa mafakitale ndi nyumba zosungiramo katundu, kenaka imakhota ndi kulowa m'Matero, m'mene nyumba zakale zomangidwa m'zaka za m'ma 1950 zaima m'mizere yoongoka. Kupitirira pang'ono mizereyo imatha. Nyumba zimayamba kuyang'ana uku ndi uku, ina ya mabuloko, ina ya njerwa zosaocha, ndipo pakati pake pamadutsa tinjira tokhota-khota tomwe galimoto silingalowemo. Pamenepo mlendo adziwe kuti wafika ku George, pafupi ndi Lilanda ndi Zingalume.

MUDZI WA M'TAUNI

Dzinali linacokera kwa George Hadjipetrou, mzungu amene anali kuumba njerwa pa malowa m'nthawi ya atsamunda, ndipo anchito ake anamanga timisasa tao pomwepo. Ufulu utabwera mu 1964, malamulo oletsa anthu akuda kukhala m'tauni popanda cilolezo anatha mphamvu, cotero anthu anakhamukira ku Lusaka ndi kumanga paliponse pamene anapeza mpata. Kwa zaka zingapo Boma linali kuona malo otere ngati osaloledwa. Koma mu 1974 Nyumba ya Malamulo inavomereza kuti makomboni ena akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ndipo eni nyumba anayamba kulandira cikalata cowalola kukhalapo zaka 30. Ndi ngongole yocokera ku World Bank, George pamodzi ndi Chawama, Chaisa ndi Chipata analandira miseu, mipope ya madzi, masukulu, zipatala zazing'ono ndi misika.

Masiku amenewo komboni inali kuyenda ngati mudzi. Cipani ca UNIP cinagawa nyumba m'masekishoni, iliyonse ya nyumba ngati 25, ndipo wapampando wa sekishoni anali monga nyakwawa. Iye ndiye anali kuloza malo omangapo, kuweruza milandu ya nkhuku ndi ya malire, ndi kudziwa amene walandira mlendo. Mbala inali kuvutika kubisala pa malo otere. Koma mphamvu zimenezi zinali ndi coipa cake. M'zaka za m'ma 1980 kunabwera magulu a anyamata a cipani ochedwa mavijilanti, amene nchito yao inali yothandiza apolisi, koma akulu-akulu ambiri amawakumbukira cifukwa ca kuopseza anthu m'misika ndi pokwerera mabasi, kufunsa khadi la cipani kwa munthu wongofuna kugula ndiwo.

Zipani zambiri zitabwerera mu 1991, masekishoni anazilala, ndipo ca m'malo mwake sicinapezeke msanga. Pa nthawi yomweyo komboni inadzaza. Pa malo pamene panali banja limodzi, mwini wake anamangapo zipinda zisanu kapena zisanu ndi cimodzi zocititsa lendi. Wa lendi amalowa mwezi uno, miyezi itatu ikapita wasamuka, ndipo anzake a khomo loyandikana sanamve ngakhale dzina lake. Apa ndipo pagona gwero la vuto. Umphawi ndi kusowa kwa nchito zilipo ndithu, koma cimene cimapatsa kawalala ufulu ndi cakuti angathe kudutsa pakati pa nyumba makumi awiri atasenza wailesi yakanema, osapezeka ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti katunduyo si wake.

USANA NDI USIKU

Usana George sioopsa. Ana a sukulu amathamanga m'tinjira, pa tuntemba agulitsa sopo, shuga wa m'timapepala ndi mafuta ophikira a m'timabotolo, amai akazinga vitumbuwa pambali pa mseu, ndipo njinga zolemedwa ndi matumba a makala zimakwawa pang'ono-pang'ono. Pa mipope ya madzi, imene yambiri inabwera m'zaka za m'ma 1990 ndi thandizo la dziko la Japan pambuyo pa miliri ya kolera, amai amaima pamzere ndi zigubu zao. Pamenepo ndipo pali maso ndi makutu a komboni. Nyumba imene yathyoledwa usiku, mnyamata amene wayamba kugulitsa mafoni osadziwika kumene acokera, cipinda cimene mwalowa anthu oturuka usiku wokha-wokha, zonsezi zimamveka pa mpope tsiku lisanathe.

Mdima ukagwa zinthu zimasintha. Tinjira tambiri tilibe nyale, ndipo m'zaka zimene madzi anacepa ku Kariba, monga 2015, 2019 ndi maka-maka 2024, magetsi anali kuzima maora oculuka, komboni yonse n'kukhala bii. Amene amavutika koposa ndi amai a pamsika amene amalawira m'mbandakuca kukapikula ndiwo ku Soweto Market ali ndi ndalama m'cikwama, ndi anchito obwerera kwao usiku. M'makhwalala mumakhala magulu a acinyamata amene anthu a mu Lusaka amawati majanki, osokonezeka ndi camba, mowa waukali ndi mankhwala ena. Boma linaletsa kacasu wa m'timapepala wochedwa tujilijili mu 2012, komabe mowa woterowo unabweranso m'timabotolo. Akubawo safuna zazikulu: foni, mbaula, zobvala za pa cingwe, batire la galimoto. Koma kwa banja limene likhala m'cipinda cimodzi, kutaya matilesi ndi mapoto ndiko kutaya cuma conse.

Amene ali nako kangacepe amaika zitsulo m'mazenera, amamanga mpanda ndi kuzika magalasi osweka pamwamba pake. Koma mpanda umateteza nyumba imodzi, ndipo munthu sagona m'mpanda masiku onse. Ayenera kuturuka kukatunga madzi ndi kukakwera basi. Ndico cifukwa cake anthu anabwerera ku nzeru ya makolo yakuti mutu umodzi susenza denga.

OLONDERA ODZIPEREKA

Pakati pa zaka za m'ma 1990 apolisi a dziko lino anasintha kagwiridwe kao ka nchito. Dzina lakuti Zambia Police Force linasanduka Zambia Police Service, ndipo anayamba kulimbikitsa kuti anthu wamba agwirizane nao. Mapositi ang'ono-ang'ono a polisi anatsegulidwa mkati mwa makomboni, ena omangidwa ndi zopereka za anthu eni ake. Pa mapositi amenewa ndipo pamacokera magulu a Neighbourhood Watch, amene apolisi amawachanso Community Crime Prevention Unit, mwacidule CCPU.

Awa ndi anthu a m'komboni momwemo: wopala matabwa, wogulitsa makala, mlonda wopuma pa nchito, ndi amai omwe. Sali pa malipiro a Boma ndipo sanyamula mfuti. Zida zao ndi nyali za m'manja, mawezulo, ndodo ndi foni. Amayenda m'magulu, nthawi zina pamodzi ndi wapolisi, ndipo mphamvu yao yeni-yeni ndi yakuti amadziwa kumene kanjira kalikonse kakaturukira, ndiponso amazindikira nkhope. Wapolisi wocokera kutali angathamangitse mbala n'kuitaya pa mphambano yoyamba, koma munthu wobadwira pomwepo amadziwa ngakhale nyumba ya amai ake a mbalayo. Mabanja amasonkha kandalama kogulira mabatire ndi cakudya ca olonderawo, ndipo m'zigawo zina anansi ali ndi gulu la pa WhatsApp lokuwirapo cinthu cikacitika.

Lamulo la dziko lino limalola munthu wamba kugwira wina amene wamuona akucita mlandu waukulu monga kuba, koma limamlamula kumpereka kwa apolisi mosacedwa. Silimlola kummenya, kumlipiritsa kapena kumweruza. Pa mfundo imeneyi ndipo magulu ena amaterereka. Madandaulo amamveka m'makomboni a Lusaka akuti olondera ena amamenya ogwidwa, kapena kuumiriza munthu woyenda usiku kuti apereke ndalama kuti amsiye. Gulu lotere likalekereredwa limasanduka mavijilanti akale m'malaya atsopano, ndipo anthu amayamba kuliopa monga aopera akawalala. Mankhwala ake ndi akuti olondera asankhidwe poyera ndi anansi ao, maina ao adziwike ku polisi, ndipo ndalama zosonkhedwa ziwerengedwe pamaso pa onse.

Si zoopsa zonse zimene zimacokera kunja kwa citseko. Mwamuna womenya mkazi, wacibale wogwirira mwana, ndi abale olanda katundu wa mkazi wamasiye, onsewa sakumana ndi olondera a usiku. Milandu yotere ili ndi ofesi yake ku polisi, ya Victim Support Unit, imene lamulo la 1999 linaikhazika pa maziko olimba. Kawiri-kawiri amene amafikitsa nkhani kumeneko ndi mnansi amene wamva kulira kuseri kwa khoma ndipo wakana kunena kuti za m'nyumba ya eni saziloweramo.

PHUNZIRO LA 2016

Anthu a ku George sadzaiwala caka ca 2016. Kuyambira mwezi wa March, mitembo ya anthu inayamba kupezeka m'dera la George, Zingalume ndi makomboni oyandikana nao, itacotsedwa ziwalo zina. Mantha anagwira aliyense, ndipo pamene masabata anali kupita osagwidwa munthu, mphekesera inabuka yakuti eni masitolo ocokera ku Rwanda ndiwo anali kucita zimenezi kuti malonda ao ayende. Pa 18 April cipolowe cinayamba ndi kufalikira m'makomboni ena a mzindawu. Masitolo oposa 60 anathyoledwa ndi kufunkhidwa, ndipo ku Kanyama anthu awiri anatenthedwa amoyo. Awiriwo anali a dziko lino lomwe. Mazana a alendo anathawira ku chalichi ca Katolika ca St Ignatius, kumene Pulezidenti Edgar Lungu anapita kukawaona, ndipo asilikali anatumizidwa m'makomboni. Anthu oposa 250 anamangidwa cifukwa ca cipoloweco.

M'mwezi wa May apolisi anagwira anthu anai powaganizira za kupha kuja, awiri mwa iwo asilikali. Pakati pao panalibe mwini sitolo wa ku Rwanda. Amene anaonongedwa anali anthu omwe anathawa nkhondo kwao, amene dzulo lake anali kukongoza anansi ao shuga ndi mcere.

Zofanana ndi zimenezi zinacitikanso kuciyambi kwa 2020, pamene mbiri ya anthu opopera mankhwala okomola m'nyumba za anzao inayambira ku Chingola ndi kufika m'zigawo zonse za dziko, m'midzi momwe. Anthu anagona panja pa moto kulondera, ndipo m'masabata ocepa anthu oposa 40 anaphedwa ndi makamu a anthu olusa. Ambiri a iwo mlandu wao unali wakuti nkhope yao inali yacilendo pa malopo. Kulondera kopanda mwambo kunapha anthu amene kunayenera kuwateteza.

Cotero nchito ya olondera a m'komboni ili pawiri. Ayenera kuchinga mbala kuti isalowe, ndiponso ayenera kuima pakati pa munthu wogwidwa ndi khamu limene latola kale miyala. Yaciwiriyi ndiyo yovuta, pakuti wolondera amakhala akuletsa anansi ake omwe, amene mwina anaberedwa dzana.

KWA AMENE ALI PA ULENDO

Makolo a kumudzi amene mwana wao akonzeka kupita ku George, ku Kanyama kapena ku Chawama angamlangize zinthu zowerengeka. Akafika adzionetse kwa mwini nyumba ndi kwa anansi a mbali zonse, auze dzina lake ndi kwao, monga acitira mlendo kwa nyakwawa. Adziwe pamene pali positi ya polisi ndi amene amalondera cigawo cake, ndipo asunge nambala ya apolisi ya 991. Asagule foni kapena wailesi yochipa mokayikitsa, pakuti wolandira katundu wakuba nayenso ali ndi mlandu, ndipo wogula ndiye amalimbitsa mbala. Akamva mfuu yakuti "Kawalala!" aturuke kukathandiza, koma dzanja lake lisatole mwala. Ndipo ngati mbale wake watsekeredwa, adziwe kuti belo ya kupolisi njaulere.

Usiku ukafika pakati, mabala atatseka ndipo mbaula zazima, m'tinjira ta George mumaoneka kuwala kwa nyali ziwiri kapena zitatu zikuyenda pang'ono-pang'ono. Olonderawo mawa lake ali ndi nchito zao, wina ku msika, wina ku fakitale. Tambala woyamba akalira, amaima pa mphambano kudikira amai a pamsika, ndi kuwaperekeza mpaka pokwerera basi.