Dzina Limene Lidadza ndi Sitima

Tikamatsegula mabuku a ubatizo ndi a maukwati m'maparishi a m'mbali mwa nyanja, kuyambira kwa Mponda mpaka ku Monkey Bay, pali dzina limene limatiimitsa cholembera: Chauncy. Ena amalemba Chancy. Tikafunsa tanthauzo lake, makolo amayankha mosakayika kuti ndi Mwayi, popeza limamveka ngati mawu a Chingerezi onena za mwayi. Yankho lake ndi lokoma, koma mbiri ya dzinali idayenda njira ina.

Kwawo ku Mangalande dzinali ndi losowa. Munthu angathe kukalamba osakumana ndi mwini wake. Poyamba silidali la mwana konse, koma la banja. Lidachokera ku dzina la malo a ku France, ndipo lidaoloka nyanja ndi Anormani amene adagonjetsa England m'chaka cha 1066. Azungu ena ali ndi mwambo wopatsa mwana dzina la kuchikazi kuti lisafe. Ndi mmene adachitira makolo a mnyamata wina wobadwa mu 1852: mayi ake adali a kwa Chauncy, bambo ake a Maples. Ife a kuno, amene mbumba timaiwerengera kwa mayi, sitingadabwe nazo.

Chauncy Maples adali wansembe wa Mpingo wa Angilikani. Adafika ku Zanzibar mu 1876, nagwira ntchito ku Masasi, kenaka pa chilumba cha Likoma kuyambira 1886. Mu 1895 adamudzoza ku London kukhala Episkopi wa Likoma, koma sadakhale pa mpando wake. Pa 2 September chaka chomwecho, ali pa ulendo wopita kwa nkhosa zake, namondwe adagubuduza bwato lachitsulo lotchedwa Sherriff, ndipo iye adamira pamodzi ndi mnzake Joseph Williams. Manda ake ali ku Nkhotakota. Mwayi umene makolo amamva m'dzinali, mwini wake sadauone pa nyanja yathu.

Chikhala kuti zidathera pamenepo, bwenzi dzinali litaiwalika ngati maina a amishoni ambiri amene malungo adawagoneka msanga. Chidalisunga ndi sitima. Adaipanga ku Glasgow, naibweretsa zidutswazidutswa kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa mathithi anthu adaisenza pamutu, ndipo chithupsa chake chachikulu adachikoka amuna mazana angapo. Adailumikiza kwa Mponda, nayandama pa madzi mu June 1901. Kwa zaka zoposa 50 idayendera midzi ya m'mbali mwa nyanja, ili tchalitchi, sukulu ya aphunzitsi ndi chipatala nthawi imodzi. Mayi amene adaona utsi wake ukutulukira, mwana ali kudwala kumsana, sadafunikire mtanthauziramawu kuti alikonde dzinali. Boma litaigula mu 1953, patapita zaka idakhala sitima yonyamula anthu, ndipo dzina lidadumpha mpanda wa mpingo umodzi.

Pali ena mwa ife amene amakwinya nkhope makolo akatchula dzinali pa chitsime cha ubatizo, chifukwa m'kalendala ya oyera mulibemo Chauncy. Nzoona mulibe, ndipo nkwabwino kuwonjezapo dzina la woyera womuyang'anira mwanayo. Koma kulikana ngati dzina lachabechabe sitikugwirizana nako. Agogo amene adalisankha adali kukumbukira munthu amene adamira akubwera kuno, ndi sitima imene idafika m'malo mwake.