Kalata kwa mwana wanga wopita ku Blantyre

Wokondedwa mwana wanga,

Amalume ako andiuza kuti ukakangokhazikika akakulembetsa kusukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto, ndipo Loweruka azikakupatsa pikapu yawo kuti uzikazolowera iwo ali pambali pako. Ine ndavomera. Zaka 18 wakwanitsa, ndipo mtsikana wodziwa chiwongolero savutika kupeza pogwira. Za sukulu, za ndalama ndi za anyamata amayi ako akuuza kale mokwanira. Ine ndikulembera za msewu, poti ndi umene wandidyetsa mpaka nonse mwakula.

Iwe wakulira kuno ku Salima, kumene galimoto ukaisiya pakhomo osakoka handibuleki umakaipeza pomwepo m'mawa. Blantyre si choncho. Mzinda umenewo unamangidwa pakati pa mapiri, ndipo misewu yake yambiri ngati sikukwera ndiye kuti ikutsika. Choncho usakathamangire makiyi. Masabata oyamba ukayende wapansi ndi pa minibasi, ukhale mpando wakutsogolo ngati ulipo, uziyang'ana. Ukaphunzire mapiri kaye, chifukwa ndi amene adzakuuze kumene uli pamene mayina a misewu akusokoneza. Ukamachoka m'tauni pa Clock Tower kulowera ku Limbe mumsewu wa Masauko Chipembere, phiri la Ndirande limakhala kumanzere kwako, la Soche kumanja, la Michiru latsala kumbuyo cha ku Chilomoni, ndipo kutsogolo uko ndi Mpingwe ndi Bangwe. Ukadutsa pa Ginnery Corner ndi chipatala cha Queen Elizabeth, kenako pa MUBAS pamene ife timatibe pa Poly, kenako Chichiri ndi bwalo la Kamuzu. Msewu umenewu ndiwo msana wa mzinda. Ukaudziwa bwino, ina yonse imangolowa ndi kutulukamo.

Tsopano za chitunda. Wophunzira aliyense amaopa kuimitsidwa pachitunda kumbuyo kuli mzere wa magalimoto. Mantha ake ndi omveka, koma ntchito yake ndi yochepa. Koka handibuleki. Ponda kilatchi, ika giya wani. Patsa moto pang'ono, kenako tula kilatchi pang'onopang'ono mpaka umve injini yasintha kalilidwe ndipo mutu wa galimoto ukunyamuka ngati ikufuna kupita. Pamenepo ndi pamene utsitse handibuleki, phazi la kilatchi lisathawe. Ikathima, yathima basi. Ponda buleki, koka handibuleki, liza kachiwiri. Wa minibasi kumbuyo adzaliza hutala, kondakitala adzatulutsa mutu pawindo n'kunena zonena zake. Asiye. Hutala sinaphwanyepo galimoto ya munthu, koma kubwerera chambuyo uli mu phuma kumaphwanya. Ndipo usatengere madalaivala amene amaimika galimoto pachitunda ndi kilatchi yokha, akuti kubalansa. Amaoneka akatswiri, koma akupsereza kilatchi, ndipo ya pikapu imeneyo si yotchipa. Iwenso ukaima kumbuyo kwa lole kapena minibasi yodzaza pachitunda, siya mpata woti uziona matayala ake akumbuyo pamene agunda pansi, chifukwa nayo imayamba yabwerera isananyamuke.

Komabe chimene chimandisowetsa tulo si chitunda. Ndi mtsetse. Pokwera galimoto imakuuza yokha kuti yalemedwa, umamva ikudandaula, nusintha giya. Potsika imakunamiza. Imapepuka, imayenda mosalala, iwe n'kumaona ngati wayamba kuidziwa, pamene liwiro likuchuluka osaponda moto. Ukamatsika mtunda wautali phazi lili pa buleki osachotsa, mabuleki amatentha. Akatentha kwambiri sagwiranso bwino, mafuta ake amatha kuwira, ndipo ukaponda phazi limangolowa mpaka pansi. Mankhwala ake ndi giya yaing'ono. Giya imene ungakwerere phiri ndi yomweyo yotsikira, ndipo uiike usanayambe kutsika, osati uli pakati. Injini ikhale ndiyo ikugwira galimoto, buleki uzingothandizira: kuponda, kusiya, kuponda. Ngakhale tigalimoto ta otomatiki tochokera ku Japan tadzaza m'tauniti tili ndi giya yotsikira, pena palembedwa L, pena 2, pena B, kungoti eni ake ambiri sanaigwirepo chigulire.

Udzaona ena potsika akuchotsa giya kuti galimoto iziyenda pa fili, ena mpaka kuthimitsa injini, ati kusunga mafuta. Ndikudziwa mafuta ndi okwera mtengo ndipo nthawi zina amasowa. Koma injini ikathima, mabuleki amauma ukangoponda kawiri katatu, chiwongolero nacho chimalimba. Ndikadzamva kuti wachita zimenezi, ndidzauza amalume ako akulande makiyi, ndipo sindikuseka. Dalaivala wa galimoto imene wakwera akamachita zimenezi, tsika pa siteji yotsatira ngakhale walipira kale.

Pali msewu umodzi umene ndikukuletsa mpaka amalume ako atakhutira nawe: wotsikira ku Chikwawa. Blantyre ili pamtunda wa mamita opitirira 1,000 pamwamba pa nyanja yamchere, pamene Chikwawa ili cha m'ma 100 okha, ndipo kutsika konseko kumachitika m'makona otsatizana mpaka kukafika ku mlatho wa Shire. Anzako adzafuna kupita kukajambula zithunzi pamwamba paja poonekera chigwa chonse. Malo ndi okongoladi, sindikukana. Pita nawo uli wokwera, uone mmene malole a shuga ochokera ku Nchalo amakwerera mokwawa, ndi mmene anthu osaleza amawapitirira pakona osaona kutsogolo.

Poimika galimoto potsetsereka, handibuleki yokha usaikhulupirire. Isiye m'giya wani ngati yayang'ana kumtunda, livesi ngati yayang'ana kumunsi, ndipo pinda matayala akutsogolo kuti ikati isunthe ikatsamire kumbali osati kulowa pakati pa msewu. Kuika mwala kutayala si manyazi. M'timisewu topapatiza ta m'makwalala a Ndirande, Chilobwe kapena Bangwe, wotsika ndiye amapatsa mpata wokwera, chifukwa wokwera akaima amavutika kunyamukanso. Kumenekonso ana amatulukira pakati pa maokala osayang'ana, ndipo ngalande za m'mbali n'zakuya, zambiri zosavindikira.

Nyengo nayo ukaiphunzire. Mu June ndi July kumabwera chiperoni, nkhungu ndi kamvula kowaza kochokera cha ku Mozambique, moti m'mawa cha ku Limbe ndi msewu wa ku Thyolo umatha osaona galimoto ili patsogolo pako. Yatsa nyali zapansi, osati zowala kwambiri zija, chifukwa zimangobwerera m'maso mwako. Mvula yoyamba ikagwa phula limaterera ndi fumbi ndi oyilo wa chilimwe chonse. Ndipo madzi a m'mapiri amatsika mwamphamvu. Ukukumbuka za namondwe wa Freddy mu March 2023, mmene matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zinakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe ndi ku Manja. Mitsinje ngati Mudi ndi Naperi imaoneka yaing'ono m'chilimwe, koma madzi akadutsa pamwamba pa mlatho usayese kuwoloka, ngakhale wina awoloke iwe ukuona.

Za ma raundabauti akakuphunzitsa kusukuluko kuti wochokera kumanja ndiye woyamba. Chimene sakakuuza n'chakuti wa kabaza wa njinga yamoto adzakudutsa kumanzere pamene iwe ukukhotera komweko, atanyamula mayi ndi mwana wopanda chipewa. Galasi la kumanzere liyang'ane kawiri. Minibasi ikakhala patsogolo pako, yembekezera kuti iima paliponse pamene munthu wakweza dzanja.

Laisensi ukaipeze m'njira yake. Yamba ya wophunzira, ika chilembo cha L kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo usayendetse wekha popanda munthu wa laisensi pambali pako, ngakhale pongopita kugolosale. Madobadoba adzakuuza kuti ukawapatsa kangachepe khadi lituluka osayesedwa. Ndalama yanga isapite kumeneko. Ukalephera mayeso ndidzalipiranso, sindidzakukalipira. Lamba manga usanalize injini, foni ikhale m'chikwama, ndipo amene walawa mowa usamupatse makiyi kapena kukwera yake, kaya ndi mnzako wotani. Ukaimitsidwa ndi apolisi a pamsewu, patuka bwino, lankhula mwaulemu, ndipo ngati walakwadi lipira ulandire lisiti.

Galimotoyo ndi ya amalume ako, amagwirira ntchito. Uziibweza yoyera, ndipo ikakhudza pena pake, ngakhale pang'ono bwanji, uwauze tsiku lomwelo iwo asanaone okha. Ndalama ya sukulu yoyendetsayo ndatumiza kale kwa iwo. Tsiku limene udzanyamuke pachitunda osabwerera m'mbuyo, undiimbire madzulo ake. Uwapatse moni amalume ako ndi azakhali, ndi ana onse.

Ndine,
Bambo ako