Lamya ya Aphunzitsi Athu

Anzanga, lolani ndikuuzeni zimene ndinaona m'chipinda chathu chosokera. Ine ndiri mu Fomu 4, ndipo mayeso a MSCE ayandikira. Koma kufikira teremu yatha, kulumikiza mkono wa bulauzi kunali kundikanika ndithu. Kawiri konse ndinaononga nsalu imene amayi anandigulira atagulitsa mtedza wao, ndipo usiku ku hostelo ndinalira.

Tsiku lina aphunzitsi athu aang'ono a Home Economics anaturutsa lamya yao natiwonetsa kanema wa pa YouTube. Tinaunjikana tonse monga anapiye pa gaga. Atabwereza katatu, ndinaona pamene ndinali kulakwa: mutu wa mkono uyenera kuyamba wakwinyidwa pang'ono ndi ulusi, usanalowe m'malo mwake.

Ndinafunsa kuti, "Madamu, bwanji simutiwonetsa zotere masiku onse?"

Iwo anaseka nati, "Mwana iwe, bandulo imeneyi ndagula ndi malipiro anga. Magetsi akazima lamya imafa, ndipo projekita pasukulu pano ndi imodzi yokha, yolimbirana ndi a sayansi." Anatiuzanso kuti luso limeneli analiphunzira mu 2020, pamene sukulu zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19, ndipo iwo anali kutumiza ntchito kwa ophunzira pa WhatsApp.

Aphunzitsi athu aakulu sagwira lamya m'kalasi. Kale ndinali kuyesa kuti ndi kuuma mtima, koma iai. Pa nthawi yao ku koleji kunalibe kompyuta, ndipo tsiku limene anayesa, ena a ife tinawaseka poyera. Ine ndinali mmodzi wa osekawo, ndipo ndichita manyazi. Komanso mau ao ali oona, pakuti amati kanema samva fungo la phala likapserera. Ndi iwo amene anagwira dzanja langa nandiphunzitsa kukoka ulusi uja osaudula.

Tsono ndaona kuti mphunzitsi agwiritsa ntchito zipangizo zatsopano ngati ali ndi magetsi, ndalama, maphunziro, ndiponso ophunzira aulemu. Zitatu zoyambazo tingopempha akuluakulu. Chachinayicho chiri m'manja mwathu. Paja mutu umodzi susenza denga.

Bulauzi yachitatu ndaimaliza. Ndidzaivala popita kwathu pa tchuthi, kuti amayi aone kumene unapita mtedza wao.