Mimba ya makumba ili m'kamwa

Nsomba zambiri zimaikira mazira m'madzi n'kuwasiya. Mlamba wa ku Chilwa umatero mvula ikadzaza madambo: umataya mazira m'maudzu, ulendo. Koma zilipo nsomba zobereka ana amoyo. Guppy ya ku South America imasunga mazira m'mimba pafupifupi mwezi, kamwana n'kumakula ndi chakudya chachikasu cha m'dzira momwemo. Mitundu ina ya shaki imadyetsa ana kudzera pamchombo ngati mbuzi. Mu 1991 ku Mozambique asodzi anakola nsomba yotchedwa coelacanth yaikazi ili ndi ana 26 m'mimba.

Kwathu kuno, mu Shire pa Liwonde, ku Chiuta, ngakhale m'madamu a alimi a ku Balaka, nsomba zathu sizibereka motero. Komabe makumba ndi chambo zili ndi njira yake yondichititsa chidwi kuposa zonsezi. Yaimuna imakumba chisa pansi, yaikazi n'kuikira mazira, kenaka n'kuwatola ndi pakamwa. Kwa masiku angapo mayiyo amangowagubuduza m'kamwamo kuti madzi abwino aziwapatsa mpweya. Mazira akaswa, ana amakhalabe momwemo, kudya kathumba kachikasu kolendewera pamimba pawo mpaka kataphwa. Nthawi yonseyi, masabata awiri kapena atatu, mayi sadya, amaonda ndithu. Ngakhale atawalavula kuti ayambe kudzifunira chakudya, mdani akayandikira amawatsegulira pakamwa, onse n'kuthawiramo.

Apa m'pamene ndinamvetsa tanthauzo la nyengo yotseka nyanja. Msodzi akakoka khoka pa nthawi yoswana, amawerenga nsomba imodzi m'manja mwake, pomwe wapha mazana. Nsombayo ikakodwa imalavula mazira ndi ana osakhwima, amene sangakhale moyo paokha. Ukonde wa udzudzu ndiye umasesa ndi otsala omwe. Sindikunyoza msodzi, njala ya Januwale tonse timaidziwa. Koma Chilwa itauma mu 1995, nsomba zinabwerera chifukwa cha zochepa zimene zinapulumuka m'mitsinje ndi m'maiwe, zitapeza mpata woswana. Mpata umenewu ndi umene tikuzimana lero.

Inu ogula pamsika wa Liwonde ndi wa Balaka, mlanduwu ukukukhudzaninso. Nyanja ikatsekedwa, makumba aawisi ndi tiana ta chambo musagule, ngakhale mtengo utatsika bwanji.