Mukukatani ku Khondowe?

Kwathu kuno munthu sayenda chabe. Ukanyamula chikwama, funso loyamba limakhala lakuti "kwagwanji?", chifukwa ulendo wautali umayenera kukhala ndi mutu: maliro, ukwati, chinkhoswe, intavyu, kapena kukazonda wodwala. Ukanena kuti ukungopita kukaona nyanja ndi mapiri, anthu amakuyang'ana ngati wawabisira kanthu. Ukawonjezera kuti ukupita pa njinga yamoto, masiku asanu, ndipo walipira munthu woti akutsogolere, pamenepo ndiye nkhani imakafika mpaka kwa amalume.

Sindikuwadabwa. Njinga yamoto kwa ife ndi kabaza. Ndi ya mnyamata amene wadzuka kusanache kuti apeze ya mwini njinga, ya petulo, kenaka ya ndiwo. Ndi yokwera atatu, thumba la makala lili kumbuyo. Aliyense wa ife ali ndi m'bale kapena mnzake amene anagonapo m'chipatala mwendo uli m'chikhakha chifukwa cha njinga. Mayi anga atamva za ulendowu anangoti, "Sukulu yonse ija, mwana wanga, kuti ukafere pa kabaza?" Tinagwirizana kuti ndiziwaimbira madzulo aliwonse.

Tinali okwera asanu ndi awiri, azungu anayi ndi Amalawi atatu. Ine kuyendetsa ndinaphunzirira pa njinga ya kuntchito, yoyendera m'midzi. Patsogolo pankakhala bambo wina wofatsa amene tonse tinkangowatchula kuti a Gaidi, kumbuyo makaniko, ndi kagalimoto konyamula zikwama ndi zigubu za petulo. Tisananyamuke ku Lilongwe a Gaidi anatiimika pamzere ngati ana a sukulu. Helimeti imangidwe lamba pachibwano. Jekete lisavulidwe ngakhale kutenthe bwanji. Palibe kupitirirana, palibe kuyenda dzuwa litalowa. Uziyang'ana pagalasi mnzako wakumbuyo, ukapanda kumuona, ima. Anamaliza ndi lamulo limene azungu aja analilemba m'mafoni mwawo: "Mbuzi ikadutsa msewu, dikirani inzake. Mbuzi siyenda yokha."

Msewu wa Salima ndaudutsa kangapo pa minibasi, nditapanikizika pakati pa thumba la mbatata ndi bondo la munthu wosamudziwa. Pa njinga ndi msewu wina. Kutsika kuchoka kumtunda kupita kuchigwa umakumva pakhungu: mpweya umayamba kulemera, thukuta limatsika m'jekete, milambe imayamba kuoneka. Titakhotera kumpoto pa M5, mphuno ndizo zinayamba kutiuza komwe tili. Utsi wa njerwa, mpunga wa m'madambo, kenaka fungo la usipa woyanikidwa pa thandala, limene limakupeza nyanja usanaione.

Ku Nkhotakota a Gaidi anatiimika pansi pa mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863, kumupempha kuti asiye malonda a akapolo. Jumbe sanasiye. Anthu anapitiriza kuwolotsedwa nyanja pa zombo kupita kutsidya, kuti akayende pansi mpaka kugombe la nyanja yamchere. Nkhaniyi ndinailoweza ku pulayimale ndipo ndinakhoza nayo mayeso, koma kuima pamalopo nyanja ili poteropo, yabata ngati sinaonepo kanthu, kunanditsekereza pakhosi.

Mawa lake tinawoloka Bua, tinadutsa m'minda ya nzimbe ya ku Dwangwa, mpaka tinalowa m'dziko la Atonga, kumene moni wake ndi "timuoneni" ndipo chinangwa chimamera mpaka pakhomo. Pa sitolo ina titaima kuti timwe madzi, mnyamata wa kabaza anabwera n'kuyendera njinga yanga ndi maso, kuyambira tayala mpaka hendulo.

"Achimwene, azunguwa mukuwatchaja zingati?"

Ndinamuuza kuti nanenso ndalipira, chimodzimodzi iwowo.

"Mwalipira? Kuti muyendetse nokha?"

Ndinavomera.

"Nanga mukukatani komwe mukupitako?"

"Kukaona basi."

Anaseka mpaka kugwira tanki ya njinga yake, n'kuitana anzake kuti adzamve. Sikunali kuseka kwachipongwe. Kwa iye ndinali ngati munthu wolipira ndalama kuti akalime m'munda mwa eni. Asanamalize kuseka, mayi wina anamukodola ali ndi beseni la nsomba pamutu, ndipo mnyamata uja anachoka ngati mphezi.

Funso lake ndinayenda nalo. Ndinali nalo ku Bandawe, pa manda a amishoni amene anasamukira kumeneko kuchoka ku Cape Maclear mu 1881 pothawa malungo, n'kuwapezanso malungowo akuwadikira. Ndinali nalo m'mitengo ya labala yoima pamizere ngati asilikali, pamene mthunzi umazizira mpaka m'mafupa. Ndinali nalo ku Nkhata Bay madzulo, ndikudya kondowole ndi batala, ndikuyang'ana doko limene pa 3 Malichi 1959 asilikali a boma la atsamunda anaombera anthu amene anabwera kudzaletsa kuti abale awo omangidwa asatengedwe pa sitima. Patali pa nyanja panali nkhungu, timizaza takuda toimirira ngati utsi wa moto woyaka pamadzi. Mzungu mmodzi anafunsa ngati kuli sitima yomwe ikupsa. A Gaidi anamuuza kuti ndi tizilombo touluka, ndipo mphepo ikatikankhira kumtunda anthu amatikola n'kupanga ndiwo.

Tsiku lachitatu ndilo linali la mapiri. Kukwera kupita ku Mzuzu, jekete lija limene tinkalitukwana ku Salima linasanduka bwenzi. Tinadutsa Ekwendeni ndi Phwezi, mpaka pamwamba pa Chiweta, pamene msewu umakhota kamodzi kokha nyanja yonse n'kukugwera m'maso, pansi penipeni, yobiriwira mpaka ku mapiri a ku Tanzania. A Gaidi anakweza dzanja, tonse tinaima. Anyani anali khale m'mbali mwa msewu, matanka ochokera ku Dar es Salaam akubuula pokwera phiri.

Pamenepo ndi pamene anandiuza kuti iwonso anayamba ndi kabaza. "Msewu uno ndinaudutsa kosawerengeka, achimwene, koma nyanjayi sindinkaiona. Maso amakhala pa dzenje, mutu uli pa ndalama. Ukaima kuti uone malo, mnzako watenga kasitomala wako." Anati tsiku loyamba kuima pamalopo popanda chifukwa linali tsiku limene mlendo wina anawalipira kuti aime.

Titatsika kufika ku Chitimba, tinasiya tala n'kuyamba msewu wa Golodi wokwera ku Khondowe, kumene ambiri timakudziwa kuti Livingstonia. Ndi makilomita pafupifupi 15 okha, koma muli makona 20 opindika ngati ndowe ya nsomba, ndipo umakwera mamita oposa 700 pa miyala yoterereka ndi fumbi. Mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo phompho. A Gaidi anatisonkhanitsanso. Giya yoyamba kapena yachiwiri basi. Pamiyala imirira pa zopondera, mawondo akhale omasuka. Pakona usafinye buleki yakutsogolo. "Ndipo musayang'ane kuphompho. Njinga imapita kumene maso apita. Yang'anani kumene mukufuna kukafika."

Sindinayambe ndamverapo munthu ngati mmene ndinawamverera tsiku limenelo. Pakona iliyonse mtima unkagunda m'makutu, tayala lakumbuyo likuvina pa timiyala, ine maso ali pa msana wa mnzanga wakutsogolo. Pakona ina mmodzi wa azungu aja anagwa, pang'onopang'ono ngati ng'ombe yogona, ndipo tonse tinaima monga mwa lamulo la pagalasi. Sanavulale. Tikudzutsa njinga yake, agogo ena anatipitirira wapansi, mtolo wa nkhuni uli pamutu, n'kutipatsa "monire" osapumira n'komwe m'mwamba. Kenaka kabaza anatsika atanyamula anthu awiri ndi thumba la ufa, atavala patapata, akudutsa pamene ife tinkapemphera ngati akudutsa pabwalo la kwawo. Tinangoyang'anana.

Ulendo umene iye amauyenda kangapo pa tsiku unatitengera pafupifupi maola awiri. Pamwamba mphepo yake ndi ya paini, yozizira, yopanda udzudzu wa kunyanja, ndipo umamvetsa chifukwa chake Robert Laws anasamutsiranso mishoni kuno mu 1894. Tinaona Stone House, nyumba yake ya miyala imene tsopano muli zinthu zakale. Tinaima pa mathithi a Manchewe, pamene madzi amagwa mamita 125, ndipo kuseri kwake kuli mapanga amene Aphoka ankabisalamo nthawi ya nkhondo. Tinamvanso za 1959, pamene ndege ya boma inaponya uthenga wofunsa azungu a pamishoni ngati akufuna kupulumutsidwa, iwo pamodzi ndi anzawo akuda n'kuyankha poyala pansi zilembo zikuluzikulu zoloza ku Aefeso 2:14, kuti a m'ndegemo awerenge ali m'mwamba. Madzulo amenewo netiweki ndinakaipeza pachulu. Mayi anafunsa ngati ndadya, kenaka anafunsa kuti nyanja ikuoneka bwanji ukakhala pamwambapo. Iwo sanapitirirepo Kasungu.

Masiku awiri otsalawo anali obwerera, kudzera ku Njakwa ndi Mzuzu, kenaka chifunga cha ku Chikangawa, kumene zala zinauma pa hendulo ndipo zitsa zachuluka pamene kale panali nkhalango. Pa Jenda tinagula tomato ndi anyezi, poti Mmalawi sabwera kuulendo chimanjamanja.

Ndalama ya ulendowu ndinaisunga miyezi yambiri, ndipo ikanatha kugula malata angapo. Anzanga akandifunsa chimene ndinagula, ndimavutika kuyankha. Njinga ndimaidziwa kale. Msewu ndi wa boma, nyanja ndi ya tonse. Chimene ndinalipira ndi chija a Gaidi ankachisowa ali pa kabaza: mpata wokweza dzanja n'kuima poti pamalopo m'pokongola, wopanda wondidikira, wopanda wondilanda kasitomala. M'dziko muno mpata umenewo ndi wodula kuposa petulo, ndipo amene amaidziwa bwino misewuyi ndi amene sangaukwanitse.

Masiku ano ndikachedwa kuntchito ndimakwerabe kabaza. Ndimamuuza woyendetsa kuti, "Aise, usathamange, ndiwonjezera ya pamwamba." Amavomera ndi mutu, n'kuyenda bwinobwino mpaka pa mlatho. Akangoona anthu ataima pasiteji kutsogoloko, dzanja lake limapotokola lokha.